Ndiyambe kugula chani pa dimba la pakhomo? Dothi lake ndi katondo wa miyala

MayiWakuMachinjiri

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa amene mumalima ndiwo zamasamba pakhomo. Tasamukira pa poloti yathu ku Machinjiri mwezi wathawu, nyumba siinathe bwinobwino koma tangolowa poti lendi inatikwana, nde kuseri kwatsala malo ndithu, mwina mamita 10 mulitali ndi 6 mulifupi, ndikufuna ndipangepo mabedi a mpiru, repu, tomato ndi anyezi pang'ono kuti ndisamangopereka ndalama pa msika tsiku ndi tsiku. Vuto ndi dothi. Ndi katondo wofiira uja wouma gwa, pamwamba pali zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe anasiya amisiri, ukangokanda pang'ono ukupeza miyala. Malowo ndi otsetserekanso kulowera kwa aneba akumunsi.

Pakhomo pano ndili ndi chikwanje ndi khasu limodzi lomwe ndinabwera nalo kuchokera kumudzi, lakutha kale. Loweruka ndinalowa mu hadiweya ina ku Limbe, mnyamata wa mmenemo wandiwerengera zinthu mpaka mutu kuzungulira, ati piki, fosholo, sipedi, reki, foloko, wilibala, keni, payipi, magolovesi, mpaka sizasi yodulira maluwa. Ndikaphatikiza ndalama yake ikupitirira malipiro anga a pamwezi. Nde funso langa ndi loti pa zonsezi zofunika zenizeni zoti ndiyambe nazo ndi ziti, nanga zoti zingadikire ndi ziti? Komanso khasu labwino ndi la mu shopu kapena la osula a pamsika? Abambo akunyumba amachoka mmamawa kubwera usiku nde ntchitoyi ndi ya ineyo ndi mng'ono wanga wa fomu 3 akaweruka.

Che_Bangwe

Mayi mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Ine ndalima mmunsi mwa phiri la Bangwe muno kuyambira ndili mnyamata ndipo dothi mukunenalo ndikulidziwa, mbali zokwera zonse za Blantyre ndi choncho, Ndirande, Soche, Mpingwe, Chilomoni cha ku Michiru uko, pansi ndi miyala basi. Pa dothi lotere choyamba ndi piki, khasu libwere pambuyo. Khasu mukalimenyetsa pa katondo wouma wa miyala limangodumpha, kukamwa kwake kumapindika kapena kubenthuka, ndipo msuka umayamba kugwedera mu mpini tsiku lomwelo. Piki ili ndi mbali ziwiri, yosongoka ndi yophwatalala. Yosongokayo ndi yoswera pouma ndi kutokosera miyala, yophwatalalayo ndi yodulira mizu ndi kutembenuzira zibuma. Mukaswa ndi piki nde khasu limadzaphwanya zibumazo nkuunga bedi.

Musakande pamwamba pokha chonde. Kumbani mozama masentimita 30, kutalika kwa rula ya ana asukulu ija. Anthu ambiri amalima masentimita 10 kapena 15 pomwe khasu lalekezera, pansi pake nkutsala chidothi cholimba chomwe mizu siingaboole, madzinso salowa, amangoyenda pamwamba. Mabedi otero dzuwa la Okutobala likawomba mpiru umafota masana aliwonse olo muthirire kawiri patsiku. A bungwe la Tiyeni aku Mzuzu aja nawonso amaphunzitsa alimi zomwezi, kuswa dothi lolimba la pansilo ndi piki kaye kenako nkuumba mabedi osapondamonso. Ntchito ya piki ndi ya chaka choyamba chokha, mukaigwira bwino zaka zinazo mudzangoyendamo ndi khasu.

Pogula piki yang'anani bowo lolowera mpini lisakhale ndi mng'alu. Ndipo mudziwe kuti mpini wa piki umalowera pamwamba, mbali yowonda ndi yomwe imayamba kulowa, mutu nkutsetsereka mpaka kukakakamira ku mbali yonenepayo. Mukamamenya imapitiriza kudzimanga yokha. Ena amaloweka chozondotsa nkukhomera misomali, tsiku lina mutu umauluka nkukagwera munthu, ndi zoopsa zimenezo makamaka poti mukhala ndi mwana wa sukuluyo pafupi.

Za khasu ine ndimakonda la ku fakitale. Ife tinakulira pa makasu a Agrimal opangidwa konkuno ku Blantyre, nde dzanja linazolowera amenewo. Kaya mugula la mtundu wanji, likolekeni pa chala kapena pa kachingwe nkuligogoda ndi msomali. Chitsulo chabwino chimalira nthawi yaitali ngweee, chachabechabe chimangoti pho nkukhala chete. Onaninso pomwe msuka wakumana ndi khasu lenilenilo, pakhale pochindikala ndi kamsana kotsika pakati, popeza ndi pomwe makasu ambiri amathyokera.

Nde kwa ine gulani zitatu: piki, khasu latsopano ndi keni. Ndalama ikatsala fosholo. Zinazo mnyamata wa mu shopuyo amangogwira ntchito yake yogulitsa, musamudandaule koma musamumverenso.

Weldala_wa_Ndix

Madala aku Bangwe pa piki ndikugwirizana nanu zonse, koma pa khasu ndisiyana nanu pang'ono ndi ulemu wonse. Makasu a mu shopu masiku ano ambiri ndi obwera, opyapyala, penti yokha nde yonyezimira, ukalimira pa miyala mwezi umodzi lapindika kukamwa. Alipo abwino inde koma mtengo wake kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zachitsulo zochokera kunja zinathawa. Ine ndimawotcherera zitsulo pa Ndirande pano ndipo osula ndimagwira nawo ntchito moyandikana, khasu lolimba kwambiri lomwe ndikulidziwa ndi losulidwa kuchokera ku disiki ya pulawo ya thirakitala. Chitsulo chimenecho chinapangidwira kudula dothi ndi miyala kale, nde sichitha msanga. Nkhwangwa ndi zikwanje zabwino amasula kuchokera ku masipuling'i a galimoto, a malata-malata aja a kumbuyo kwa lole.

Koma achemwali ndikuuzeni chilungamo, pamsika pali osula ndi osula. Ena amadula chitsulo cha mgolo kapena pepala wamba la chitsulo nkuwotcherera kamsuka, kupaka penti yakuda, kwa munthu wosadziwa zimaoneka chimodzimodzi. Njira yake ndi iyi, pitani ndi tupa mthumba, kapena mubwereke pomwepo, mukhule pang'ono kukamwa kwa khasulo. Tupa ikamalowa mosavuta nkumatulutsa unga wambiri ndekuti chitsulocho ndi chofewa, chisiyeni. Ikamaterera nkumangodya pang'onopang'ono ndekuti mwapeza. Wosula weniweni sakwiya mukayesa choncho, amakupatsani yekha tupayo. Muyang'anenso powotcherera msukapo, pakhale podzaza bwino mbali zonse ziwiri opanda timabowo, penti ikachuluka pamenepo paleni ndi chikhadabo kapena kiyi muone chomwe chabisika.

Ubwino wina wa osula mumatha kuwauza kukula komwe mukufuna. Mukati ndikufuna laling'ono lopepuka la mzimayi lolowa pakati pa mizere ya anyezi amakudulirani pompo. Likadzathyoka mumabwera nalo timawotcherera, osagulanso lina.

Keni musavutike ndi ya mu shopu, okhoma zidebe amapanga za malata zolimba bwino, pa Ndirande pano, ku Limbe, msika uliwonse waukulu alipo. Musanalipire auzeni athiremo madzi muone ngati ikudontha pansi ndi pomwe khosi lalumikizana ndi thupi, komanso kumutu kwake kwa timabowoko kukhale kochotseka kuti muzitha kutsuka zinyalala zikatsekamo. Timabowo tikhale tating'ono, tikakula madzi amagwa mwamphamvu nkufukula mbewu pa nazale.

Ndipo chomwe aliyense amaiwala ndi tupa yomweyo. Mtengo wake ndi wochepa koma khasu lobuntha limadya mphamvu za munthu kawiri. Nolani mbali imodzi yokha, kukankhira kutsogolo osati kubweza, khasu litapanikizidwa pa mwala kapena pa chitsa. Anthu amabwera kwa ife kuti tiwanolere pa gilayinda poti ndi zachangu, ine ndimawauza kuti gilayinda ikakhalitsa pamalo amodzi chitsulo chimatentha nkusanduka chabuluu, pamenepo chafewa basi, chizibuntha msanga kuposa kale. Tupa kapena mwala wonolera ndi madzi nde bwenzi la khasu.

NaPhiri_Chigumula

Abambo awiriwa akuuzani za chitsulo, ine ndikuuzeni za msana poti wogwira ndinu. Ndimalima masamba kuno ku Chigumula nkumakagulitsa ku Limbe, mbali ina ndimapikula kwa anzathu aku Bvumbwe, nde makasu ndawagwira osiyanasiyana. Amwali musagule khasu musanalinyamule. Ligwireni pa mpini mulikweze kangapo mmene mumachitira polima, mukamva kuti likukukokani paphewa lisiyeni olo akuuzeni kuti ndi lolimba bwanji. Khasu lolemera ndi la abambo a ganyu ogalauza munda waukulu, inu mabedi anu akufuna lapakati. Mpininso uyenerane ndi msinkhu wanu, ukafupikitsa mumawerama kwambiri madzulo osatha kudzuka pa mpando, ukatalikitsa khasu silimvera.

Za piki sindikutsutsa kuti ikufunika koma kugula ayi, ine ndingati bwerekani kapena itanani mnyamata wa ganyu wokhala ndi piki yake akuswereni malo onsewo, mamita 10 kwa 6 si munda woti nkutenga sabata. Ku Machinjiri anthu akumanga mbali zonse, anyamata okumba mafawundeshoni ali mbwee. Mugwirizane mtengo wa ntchito yonse osati wa patsiku, ndipo muimepo ndi rula yomwe anena a Che Bangwe ija muziyeza, mukachokapo amangokanda pamwamba. Piki ndi yolemera, mzimayi wosazolowera ndi mtsikana wa sukulu mukaigwira tsiku lonse manja adzadzaza matuza ndipo mawa lake dimbalo mudzaliona ngati chilango. Ndalama ya pikiyo ikani ku manyowa, chifukwa katondo wa pa poloti yomangapo nyumba amakhala wopanda chakudya, olo mumuswe bwanji popanda manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe owolerana mpiru udzatuluka wofiirira timasamba tating'ono.

Khasu lanu lakuthalo musataye, ameneyo nde kambwiri, kwa ine ndi chida chomwe ndimagwira kuposa zonse. Kupalira pakati pa anyezi, kutipula pamwamba pa bedi pakauma, kukumba timaenje towokera tomato, zonsezi khasu lalikulu limadula mizu koma kambwiri amalowa bwinobwino. Mungomuika mpini waufupi nkumunola.

Komanso nthawi yokumba ili ndi ntchito. Katondo wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi mwala weniweni, koma mvula ikangotha cha mu Epulo ndi Meyi amakhala wofewa, ngakhale nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye kukachita mawawa masiku angapo pamwamba pamafewa ndithu. Ngati simungadikire, thirani madzi madzulo pamalo pomwe mukumbe mawa, olo otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala omwe, agone usiku wonse, mmamawa dzuwa lisanakwere kumbani. Koma asakhale matope, katondo ukamukumba ali chinyezi chambiri amamatirira ku khasu ndipo akauma amasanduka zibuma zosaphwanyika.

Wilibala iwaleni kaye. Pa malo ang'ono choncho thumba la feteleza lakale ndi ndowa zikukwanirani, miyala mumaika pa thumba awiri nkugwira uku ndi uku. Miyalayonso musaitaye kutali, ndandalikani mmbali mwa mabedi igwire dothi. Reki ine ndinakhala nthawi yaitali ndilibe, ndimasalaza bedi ndi msana wa khasu ndi manja, koma poti kwanu kuli zidutswa za njerwa ndi simenti mwina idzakuthandizani kuzikokera pamodzi, mudzagule yachitsulo osati yapulasitiki yosesera masamba ija. Payipi yothirira ayi ndithu. Madzi a Water Board ndi a mita, ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Shire ku Walker's Ferry uko, si otchipa, payipi mumangothira osadziwa kuti apita angati, bilu ikabwera dimba lonse mudzalitukwana. Keni mumawerenga, iyi ya malita 10, bedi ili lamwa anayi, basi. Pezaninso mgolo wosungira madzi wa masiku omwe mpopi wauma. Pa nazale tengani kachigubu ka malita 5 ka mafuta ophikira muboole chivindikiro ndi msomali wamoto, kamathirira mofatsa kuposa keni.

Mabedi asapitirire mita imodzi mulifupi kuti muzifikira pakati muli chiimire mu kanjira. Chingwe ndi zikhomo zinayi zosema nokha ndi chikwanje chanucho nde zida zoyezera. Mukawokera phimbirani ndi udzu wouma, madzi amakhalitsa.

MayiWakuMachinjiri

Iii zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. A NaPhiri za kambwiri mwandikumbutsa agogo anga, ankapalira mtedza ndi kakhasu kotero. Achimwene aku Ndirande ndibwera ndi tupa yanga ndithu. Koma ndifunsenso ziwiri. Fosholo ndi sipedi zikusiyana pati, poti mu shopu muja zonse zimaoneka zofanana? Chachiwiri ndi za kutsetsereka kuja, mvula ikagwa madzi a padenga onse amathamangira kuseri komweko nkudutsa kupita kwa aneba, ndikuopa kuti ndikafewetsa dothi lonse lidzakokoloka kukalowa mnyumba mwawo tidzayambane. Ndikufunanso kukumba dzenje la zinyalala ndi la kompositi chakumapeto.

Pulambala_Chirimba

Mayi musanamenye piki koyamba fufuzani kaye komwe kunadutsa mapaipi. Ine ntchito yanga ndi ya mapaipi ndipo mafoni ambiri omwe ndimalandira Loweruka ndi a anthu oti amakumba dimba kapena dzenje nkuboola payipi. Mapaipi a mmakomo mwathumu ambiri ndi apulasitiki ndipo amisiri ena sakwirira mozama, pena masentimita 20 okha, piki imodzi yakwana. Yambirani pa mita yanu muone mzere wopita ku nyumba ndi ku mpopi wa panja, muonenso payipi yochokera ku bafa ndi ku toileti kupita ku sepitiki ndi ku sokawe, komanso ngati magetsi anawadutsitsa pansi kupita ku nyumba ya anyamata kapena ku geti. Muitaneni mmisiri anamanga uja akulozereni, mukhome zikhomo, wa ganyuyo mumuuze kuti apa ndi khasu lokha mofatsa. Pamwamba pa sokawe musabzalepo ndiwo zodya masamba.

Fosholo ndi sipedi ndi zosiyana. Fosholo ndi yokhala ngati mbale, mmbali mwake mokwera, ntchito yake ndi kuwola ndi kuponya, mchenga, dothi lofukulidwa kale, manyowa. Sipedi ndi yophwatalala yowongoka, kukamwa kwake kwa kona, mumaponda ndi phazi kuti idule dothi, ndi yabwino powongola mmbali mwa ngalande. Pa dothi la miyala ngati lanulo sipedi siilowa, mudzangopweteka phazi. Tengani fosholo ya kutsogolo kosongoka, poti maenje mukunenawo popanda fosholo simungatulutse dothi mukafika mmaondo. Yang'anani kuti chitsulo chake chisakhale chopyapyala chopindika ndi manja, ndi pomwe mpini walowa pakhale ma riveti olimba. Ndipo fosholo si yotokosera mwala, ambiri amathyola khosi lake choncho, mwala ndi wa piki.

Dzenje la kompositi musalizamitse, mita imodzi yakwana kuti muzitha kutembenuza. La zinyalala likhale kutali ndi fawundeshoni ya nyumba ndi mpanda wa aneba, ndipo mulitchinge, ana amagweramo makamaka likadzaza madzi nthawi ya dzinja.

Za madzizo mwaganiza bwino ndipo musazitenge mopepuka. Tonse tinaona zomwe zinachitika mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy, ku Chilobwe ndi mmbali mwa phiri la Soche matope ndi miyala zinatsika nkukwirira nyumba ndi anthu, kuyambira pamenepo ine ndikaona munthu akufukula dothi pa malo otsetsereka ndimalankhula olo asandifunse. Poloti yanu ndi yaing'ono inde koma madzi a padenga la malata ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Mabedi anu apingase kutsetserekako, asaloze kumunsi. Kumtunda kwa dimba, pakati pa nyumba ndi bedi loyamba, kumbani kangalande kolandira madzi a padenga nkuwatsogolera ku ngalande ya mmbali mwa msewu, osati kwa aneba. Kumunsi kwenikweni siyani kamzere kosakumba, muunjikepo miyala ija nkubzala udzu wa vetiva mothithikana, mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo imagwira dothi, siufalikiranso ngati kapinga. Mukadzapeza ndalama ikani gatala ndi mgolo pansi pake, madzi omwewo nde othirira. Apitireninso anebawo muwauze zomwe mukufuna kuchita musanayambe, akaona kuti mwawaganizira sadzabwera ndi mkwiyo.

Kabaza_Mbayani

Anti chinthu chimodzi chokha, zida zanu muzilowetsa mnyumba madzulo aliwonse. Kuno ku tauni khasu kapena piki yogona panja mmawa simuipeza, anyamata otola zitsulo zokagulitsa pa sikelo amayenda mmamawa kwambiri. Lembaninso chizindikiro, wotchani msomali mulembe zilembo za dzina lanu pa mpini kapena pakani penti ya mtundu wanuwanu pa chitsulo, chifukwa malo omwe anthu akumanga ngati kwanuko mukangogula fosholo yatsopano mawa lake amisiri a poloti yoyandikana abwera kudzabwereka, ikabwera yadzaza simenti youma kapena abweza ina yakutha ati ndi yomweyo. Kubwereketsa sitingakane poti nafenso timabwereka, koma muziti ibwere lero lomwe dzuwa lisanalowe. Inunso mukabwereka piki ya wina mubweze mutatsuka, mpini ukathyokera mmanja mwanu gulani wina musanabweze.

Namwino_Chilomoni

Ndiwonjezereko za thupi poti palibe wazitchula. Malo omwe angomangapo nyumba amakhala ndi misomali ya dzimbiri, mawaya, zidutswa za malata ndi magalasi zobisika mu dothi, nde musalime ndi mapatapata kapena opanda nsapato, inu ndi mng'ono wanuyo. Majombo ndi ofunika kuposa magolovesi, ngati ndalama yavuta nsapato zakale zotseka za pa kaunjika zikwana. Tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala mu dothi ndi mu ndowe za ziweto, timalowera pa bala, makamaka bala lozama lobayidwa ndi msomali lomwe limaoneka laling'ono pamwamba. Mukadzicheka kapena kubayidwa tsukani pompo ndi madzi oyera ambiri ndi sopo, osathirapo dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto monga ena amachitira, kenako pitani ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo mukawauze chomwe chakubayani ndi nthawi yomwe munabayitsa katemera wa kafumbata komaliza. Amayi ambiri analandira ku sikelo ali oyembekezera koma achinyamata ndi abambo ambiri sakumbuka nkomwe.

Matuza musawaboole ndi minga kapena singano, asiyeni aphwe okha. Polima awiri musayandikane, wina akamamenya piki mnzake akhale patali ndipo asaime kutsogolo. Khasu ndi reki mukaziika pansi mano ayang'ane pansi, ana othamanga amaponda. Ponyamula mwala waukulu pindani maondo osati msana.

Che_Bangwe

A NaPhiri mwanena zanzeru za ganyu, ine ndinaganiza ngati mwamuna wozolowera piki. Komabe mayi poti mukukumbanso maenje awiri ndi ngalande, ndipo pa poloti yatsopano zokumba sizitha, mawa mudzafuna kubzala nthochi, mapeyala, kuzika mitengo ya mpanda, piki yanuyanu mudzaifuna ndithu, kaya chaka chino kaya chamawa. Achimwene a ku Ndirande za disiki sindikana, ndinalionapo khasu lotero ndi lolimbadi, bola munthu apite ndi wodziwa.

Chomwe ndabwereranso ndi mpini, poti tonse takamba za chitsulo chokha pomwe akuluakulu anati nkhwangwa imakhulupirira mpini. Makasu ambiri amagulitsa opanda mpini, mpini mumagula padera kwa osema pamsika pomwepo. Sankhani wouma, wauwisi ukamauma umafwota bowo nkukula khasu nkumaguluka. Muudziwa ponyamula, wauwisi ndi wolemera ndi wozizira mmanja. Mtengo wa gwafa ndi wabwino kwambiri, sung'aluka wamba, chitimbe ndi keshya nazonso zimapirira. Bulugamu ndi amene wachuluka ku Blantyre kuno, amagwira ntchito akakhwima koma wanthete amang'aluka kumutu. Malaina ndi wofewa, musatenge. Kumutu kwa mpini kukhale kotupa, kwa mfundo, pomwe nthambi inatulukira, popeza pamenepo mitsempha ya mtengo inapotana nde msuka siungang'ambe. Muuzunguze muone ngati pali timabowo ta tizilombo totulutsa ufa, ukakhala nato wadyeka kale mkati.

Kuzika khasu amachita chonchi, amayamba aboola kabowo kakang'ono kumutu kwa mpini, kenako amaika msuka pa moto wa makala mpaka ufiire, nkuulowetsa mu kabowomo ukupsereza njira yake, utsi uli tolo, kuuchotsa, kuutenthetsanso, mpaka ulowe pofunika. Asapsereze mopitirira, bowo likakula basi mpini waonongeka. Pa moto pakhale msuka wokha, khasu lenilenilo likapsa limafewa. Chofunika kuyang'ana ndi kupendekeka kwake, khasu liweramire pang'ono ku mpini. Likaima chilili limadumpha pa dothi, likaweramitsa limangopala pamwamba osalowa. Nde muimirire pomwepo wosemayo akamazika, muyese pansi, ngati sizili bwino akonze musanachoke. Mukafika kunyumba palani mpini wonse ndi chidutswa cha botolo mpaka usalale, nkupaka mafuta pang'ono, matuza omwe akunena a namwino ambiri amabwera ndi mpini wokhakhala.

Khasu likayamba kugwedera ligogodeni kumutu kwa mpini pa mwala kuti msuka ulowe, nkuliviika mmadzi kumutuko usiku umodzi mtengo utupe. Zikapitirira khomerani kamtengo kouma kosongola mmbali mwa msuka. Mukaweruka chotsani dothi lonse ndi kamtengo, katondo akagona pa chitsulo amasunga chinyezi nkuyambitsa dzimbiri, ndipo nthawi ya dzinja pukutani ndi kansanza koviika mu oilo wakutha wa galimoto. Musasiye mpini utagona pa dothi kapena utatsamira khoma la njerwa zosapaka, chiswe cha kuno sichichedwa, pachikani pa misomali iwiri kapena ikani pamwamba pa mitanda ya mu sitolo. Pa dzuwanso musausiye, umauma mopitirira nkuyamba ming'alu. Mukamagula mpini mugule iwiri, winawo uziuma mnyumba kudikira, chifukwa umathyoka ntchito ili pakati ndipo si tsiku lililonse lomwe mungapeze wouma pamsika.